Nsapato Zosiyidwa pa Mathithi

Mtsikanayo anafika Lachitatu masana, mvula ikuwaza. Sanagogode, pakuti chitseko cha nyumba ya a Namaona ku Tottenham chinali chosatseka kuyambira tsiku limene uthenga wa maliro unafika. Anavula nsapato pakhomo, namanga chitenje pamwamba pa jinzi, nalowa m'chipinda mmene munali amayi. Anakhala pansi pakona, pafupi ndi zenera, natambasula miyendo monga amakhalira amayi kumudzi.

Palibe amene anamufunsa kuti ndi ndani. Pa maliro munthu safunsidwa dzina. Amayi a kumpingo anaganiza kuti ndi wa kuntchito kwa malemu. A kuntchito anaganiza kuti ndi wachibale wochokera ku Peckham. Wina anamupatsa tiyi, iye nalandira ndi manja awiri, koma tiyiyo anazizirira pafupi ndi bondo lake.

Malemuyo anali Adrian, mwana woyamba wa m'nyumbamo. Anamwalira ku mapiri a ku Austria, atagwera m'madzi a mathithi. Thupi lake linali lisanafike, chifukwa mapepala a maiko awiri amayenda pang'onopang'ono, ndiye maliro anangokhala akudikira. Anthu ankabwera akaweruka, ena ali chivalire mayunifomu a kuchipatala. Ankaimba, kupemphera, kenako n'kuthamangira sitima kuti akagwire shifti.

Chimene chinafika msanga chinali chikwama chake. Pamwamba pa zovala panali nsapato zokwerera phiri, za zingwe zofiira. Apolisi a kumeneko anati inali ngozi, ndipo anati panali munthu amene anathamanga kukaitana thandizo. Koma ananenanso kuti nsapatozo anazipeza pamwala wouma m'mbali mwa madzi, zitaikidwa bwinobwino moyandikana, masokosi atapindidwa mkati. Ndipo Adrian anali atauza mayi ake kuti akupita ku Manchester pa za ntchito.

"Munthu woterereka amayamba wavula nsapato?" ananong'ona mayi wina kukhitchini, akudula anyezi.

"Shh, anti. Khoma la nyumba za kuno n'lopyapyala."

Khomalo linalidi lopyapyala. Mayi Namaona anamva, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalawenso kanthu kupatula madzi. Anali mayi wokalamba, wodwala shuga. Ankangokhala pamatiresi amene anawayalira pansi, atatsamira khoma, nsapato za mwana wawo zili pamiyendo.

Sophie, mlongo wake wa Adrian, ndiye ankabwera ndi phala m'mawa uliwonse. Iye anabadwira ku London komweko. Chichewa ankamva chonse, koma polankhula chinkamuthawa pakati pa mawu.

"Mum, please. Supuni imodzi basi."

"Ika pamenepo."

"Dzulo munateronso. Adokotala akuti mukapitiriza chonchi akutengani kuchipatala ku Edmonton, akakuikeni diripi."

"Mwana wanga anali ndi chinthu pamtima, ine osaona," anatero mayiwo, osamuyang'ana. "Ankabwera kuno Lamulungu lililonse, ine n'kumamufunsa za ukwati, za ntchito, za kumeta ndevu. Osamufunsako kuti kodi mwanawe uli bwanji. Ndiye ndidye? Ndidye ndikhute?"

Sophie anatuluka ndi mbale ija ili yodzaza. Bambo ake anali atamwalira zaka ziwiri zapitazo. Tsopano mchimwene wake. Anaima m'khonde lopapatiza la nyumbayo, pakati pa majekete onyowa a anthu, nawerenga amene atsala. Anali awiri okha, ndipo mmodzi anali akupita.

Mlendo uja anabweranso Lachinayi, ndi Lachisanu lomwe. Ankatsuka makapu, kusesa, kenako n'kubwerera pakona pake. Wina atamufunsa kuti amuitane bwanji, anati, "Tasha." Sophie anaona zinthu ziwiri. Choyamba, mtsikanayo ankayang'anitsitsa chithunzi chakale cha phiri la Mulanje chimene bambo ake anapachika pakhoma, ngati munthu amene akufufuzamo nyumba ya kwawo. Chachiwiri, aliyense wolowa m'chipindamo ankayamba wagwada pamaso pa mayi Namaona kupepesa maliro. Iyeyu yekha sanapiteko. Mayiwo akatukula mutu, iye ankakokera duku lake kumaso.

Loweruka, mwana wa ena anapunthwa pa mulu wa nsapato pakhomo, ndipo Sophie anawerama kuti azikonze. Pansi pa nsapato zakuda za abambo ndi mapatapata a amayi anapeza nsapato zokwerera phiri, zazing'ono, za zingwe zofiira. Anazitembenuza. M'mizere ya kunsi munali dothi louma, lotuwa ngati phulusa. Dothi lotero ku Tottenham kulibe. Analiona kamodzi kokha, pa nsapato zimene zinali pamiyendo pa mayi ake.

Anamupeza mtsikana uja kuseri kwa nyumba, akuyanika nsalu zopukutira mbale pa chingwe. Sophie anaika nsapatozo pansi pakati pawo.

"Izi n'zanu?"

Mtsikanayo anaziyang'ana nthawi yaitali. "Ndilibe zina zolimba mvula," anatero.

"Munali naye."

"Eya."

"Ndinu amene munakaitana anthu."

"Eya, achemwali."

"Musanditi achemwali!" anatero Sophie. "Masiku onsewa mwakhala m'nyumba mwathu, kumwa tiyi wathu, kumva zimene anthu akunena. Mayi anga akufa mukuona. Why? Bwanji osanena?"

"Palibe anandifunsa."

"Pa maliro safunsa!"

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndinatha kulowa." Anapukuta manja pa chitenje. "Tsiku lililonse ndimakwera basi ku Edmonton ndili ndi mawu onse mkamwa. Ndikafika pakhomo paja, amathawa. Ndikanayamba bwanji? Mkazi salowa yekha kwa apongozi ake n'kudzitchula. Amalowetsedwa. Wondilowetsa uja ndi amene tikulirayu."

Sophie anakhala pa kampando kapulasitiki kamene kanali konyowa, koma sanamve kunyowako.

"Ndiuzeni chimodzi chokha. Anadzipha?"

"Ayi! Ayi, Sophie. Tsiku limenelo Adrian anaseka kuposa masiku onse amene ndinamudziwa."

"Ndiye tiyeni mukawauze."

"Akandifunsa dzina."

"Mwati ndinu Tasha."

"Tasha ndi mnzanga wa kuntchito. Ndinangobwereka." Anayang'ana kuchitseko, natsitsa mawu. "Ine ndine nesi. Bambo anu atagonekedwa komaliza, ndinali m'wodi mwawo. Ankakamba za phiri tsiku lonse, ndipo ine ndekha ndi amene ndinkadziwa malo amene ankawatchula, chifukwa kwathu n'kutsinde kwa phiri lomwelo. Adrian anandipeza ndikuwayankha. Pambuyo pake anandifunsa dzina la kwathu, ndipo nditamuuza anakhala chete mpaka basi yake inamusiya. Mukudziwa chimene chinathamangitsa makolo anu ku Malawi?"

Sophie ankadziwa. Bambo ake anali mphunzitsi m'nthawi ya chipani chimodzi. Munthu wina wa m'mudzi mwawo, wapampando wa chipani, anawanenera kuti amanyoza boma. Anthu amene anabwera kudzawagwira anapeza mng'ono wawo, ndipo mng'onoyo sanabwererenso. Bambo ndi mayi ake anathawa wapansi, kudutsa pamwamba pa phiri, mpaka ku Mozambique. Dzina la wapampandoyo makolo ake sanalitchulepo pamaso pake. Ankangoti "munthu uja."

"Anali agogo anga," anatero mtsikanayo. "Adrian dzinalo anali atalimva kwa bambo anu kuchipatala kuja. Ankati tidikire kaye, mayi achire pa imfa ya bambo. Tinadikira zaka ziwiri. Tsopano ndiuzeni, akamva kuti mwana wawo anafera m'manja mwa mdzukulu wa munthu uja, adya kapena afulumira kufa?"

Sophie anatembenukira kuchitseko. M'nyumba amayi anayamba nyimbo ina, yotsika, ndipo mawu a mayi ake sanamveke m'menemo.

"Sindikudziwa," anatero. "Koma mukapanda kunena, Lolemba ambulansi ibwera. Ine ndikulowetsani. Si ine mlamu wanu?"

Anadikira mpaka anthu ambiri atapita kukadya kuchipinda china. Sophie anapempha amayi awiri amene anatsala kuti atuluke pang'ono, natseka chitseko. Anabweretsa phala lina lotentha, naliika pambali.

"Mum, munthu uyu anali ndi Adrian kuphiri kuja."

Mtsikanayo anagwada patali, m'mphepete mwa matiresi. Mayi Namaona anatukula maso pang'onopang'ono, namuyang'ana osaphethira. Manja awo anagwiritsa nsapato zija.

"Lankhula," anatero.

"Pepani maliro, mayi."

"Zimenezo ndamva kwa anthu ambiri. Lankhula zinazo."

Mtsikanayo anayamba ndi mawu otsika, akuyang'ana pansi.

"Ankafuna kukakwera Mulanje chaka chamawa. Ankati sangakaime pamene bambo ake anaima ngati miyendo yake imangodziwa masitepe a pa siteshoni ya Seven Sisters. Ndiye anati tiyambe tayesa mapiri a kufupi. Anakunamizani za Manchester chifukwa cha ine, osati chifukwa cha china.

"Tinanyamuka m'mawa, nkhungu isanachoke. Njira inayamba m'nkhalango ya mitengo yaitali yonunkhira utomoni. Iye anati, ndiye mkungudza umenewu? Ine ndinati ayi, mkungudza wa kwathu ukaununkhiza sudzafunsanso. Ankapuma pafupipafupi, n'kumanamizira kuti akujambula zithunzi. Azigogo a chizungu ankatidutsa ndi ndodo zawo, iye n'kumati, tiwasiye apite, tisawachititse manyazi."

Pakamwa pa Sophie panatuluka kaphokoso, kaya kuseka kaya kulira.

"Kenako mitengo inangotha mwadzidzidzi. Tinatulukira pamwamba, pa msipu. Mayi, udzu wobiriwira mpaka kumene maso amalekeza, maluwa ang'onoang'ono achikasu ndi abuluu, ng'ombe zonenepa zili ndi mabelu m'khosi, phiri lonse likulira ngati Lamulungu m'mawa. Kumwamba kwake nsonga zoyera ndi chipale. Panali kanyumba ka matabwa ka abusa, ndipo mayi wa m'menemo anatipatsa mkaka. Adrian anagona chagada paudzu, natambasula manja. Anandifunsa kuti, ku Lichenya, pamwamba pa Mulanje, kuli chonchi? Ndinati kuli chonchi, kungoti kulibe ng'ombe, ndipo udzu wake ndi wofiirira, ndipo mitambo imayenda pansi pa mapazi ako. Anatseka maso, nati, ndiye mayi anga anadutsa malo otere ali ndi nsalu imodzi yokha."

Mayi Namaona anapuma mwamphamvu, mtsikanayo napitiriza.

"Pamenepo ndi pamene ananena kuti, tikabwerera, Lamulungu lomwelo, ndikukutenga kwa mayi. Akakwiya akwiye, adzaleka. Anayamba kuyeserera mmene adzanenere m'Chichewa. Ankalakwitsa, ine n'kumamukonza. Ng'ombe imodzi inabwera kudzamununkhiza kumutu, iye n'kuigwadira, n'kuiuza mawu onse aja kuyambira poyamba."

"Amatero," anatero mayiwo motsitsa. "Chibwana."

"Mathithi tinayamba kuwamva tisanawaone. Madzi ankagwa kuchokera pamwamba kwambiri, oyera, n'kumafuka ngati utsi, ndipo dzuwa likawomba pankaoneka utawaleza. Pansi pake panali dziwe, ndipo madzi ankatuluka m'dziwemo n'kugweranso kuphompho lina kumunsi. Iye anati akufuna akasambe kumaso ndi kumwa ndi manja, chifukwa bambo ake anatero pa dziwe lomaliza asanawoloke malire. Ndinamuuza kuti miyala ndi yoterera. Anakhala pansi, nayamba kumasula zingwe. Ndinati, ukutani? Iye anati, Dadi ankati pamwala wonyowa munthu amavula nsapato. Nsapato ilibe maso, koma zala za kuphazi zimaona."

Mayi Namaona anawongoka ngati wina wawagwira paphewa.

"Bwereza."

"Nsapato ilibe maso, koma zala za kuphazi zimaona."

"Bester," anatero mayiwo, kutchula dzina la malemu mwamuna wawo, limene Sophie sanawamvepo akulitchula poyera. "Mawu a Bester amenewo. Anandivulitsa nsapato pa mtsinje uliwonse paphiri paja. Ngakhale kuno, tikapita kunyanja ya mchere, ankavulitsa anawa." Anayang'ana Sophie. "Ukukumbuka?"

"Ndikukumbuka, Mum."

"Kwathu n'zoona," anapitiriza mtsikanayo, misozi ikutsika osaipukuta. "Nanenso ndinakula ndikudumpha miyala wopanda nsapato. Koma madzi a kuja ndi chipale chosungunuka. Ukangopondamo, phazi limafa, sulimvanso. Ine sindinkadziwa, iyenso sankadziwa. Anapinda masokosi, naika nsapato moyandikana. Ndinamuseka kuti, kodi ukulowa m'nyumba ya munthu? Anati, mayi anga akaona nsapato ili uku ina uko, ngakhale paphiri pano andipeza."

Mayiwo anayang'ana nsapato zimene zinali pamiyendo pawo. Anazisisita ndi chala chachikulu.

"Anafika pamadzi. Anasamba kumaso, namwa. Anatembenuka kuti andiitane, akuseka, madzi akudontha m'ndevu. Anati, bwera, ndi okoma! Ndiye anaponda kumbuyo, phazi silinamve mwala."

Anasiyira pomwepo. Kunja basi inadutsa, zenera linanjenjemera pang'ono.

"Anaitana?" anafunsa mayiwo.

"Panalibe nthawi, mayi. Madzi anali achangu."

"Ndiye mawu ake omaliza anali akuti ndi okoma."

"Eya."

Pamenepo mayi Namaona analira. Sikunali kulira kouma kwa masiku onse aja, kongogwedeza mutu. Analira mokweza, ndi mawu a kumudzi, akuitana mwana wawo ndi mwamuna wawo pamodzi, akuwakalipira onse awiri chifukwa cha nsapato. Amayi a kumpingo anathamangira pachitseko, koma Sophie anawaimitsa ndi dzanja. Iye mwini anagwada nakumbatira mayi ake, namva mmene mafupa awo analili pafupi ndi khungu.

Kulira kutatsika, mayiwo anachotsa nsapato pamiyendo pawo, naziika pansi m'mbali mwa khoma. Anapukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje.

"Iwe," anatero kwa mtsikanayo. "Chotsa duku kumasoko. Wabisala mokwana."

Mtsikanayo anakankhira duku kumbuyo.

"Ukuganiza kuti sindinakuone? Ndinakuona Lachitatu, ukulowa. Chipumi chimenecho, ndi mpata wa mano umenewo, ndinakhala nazo moyandikana zaka zambiri. Agogo ako aakazi tinkatunga nawo madzi pa mtsinje umodzi. Ndinati mumtima, anthu aja atuma mwana kudzaona mmene tathera. Koma pa maliro sathamangitsa munthu, ndiye ndinakusiya."

"Sanandituma, mayi. Agogo anamwalira ndili wamng'ono. Kwathu sadziwa n'komwe kuti ndili pano."

"Anamwalira." Mayiwo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Onse anamwalira. Iye, Bester, mlamu wanga. Tsopano uyu. Tatsala akazi okhaokha m'chipinda muno, ndi chithunzi cha phiri."

Kenako mayiwo analoza mbale ija.

"Phalalo lazizira?"

Sophie anafuna kulitenga, koma mayi ake anamugwira dzanja.

"Osati iwe. Iyeyu. Mwana wanga akanamubweretsa Lamulungu, ndikanakwiya, ndikanamutukwana, mwina ndikanatseka chitseko mwezi wathunthu. Kenako akanandiphikira. Zina zonsezo zandipita. Abweretse."

Mtsikanayo anayenda ndi mawondo mpaka pamene panali mbale, naitenga ndi manja awiri, naipereka atawerama. Mayi Namaona analandira. Anadya supuni imodzi, nameza movutika, nadyanso ina. Sophie anatembenukira kuzenera kuti asawaonetse nkhope yake.

"Thupi likafika, sukhalanso pakona paja," anatero mayiwo. "Ukhala pano, pafupi ndi ine, pamalo pa mkazi wake. Anthu adzafunsa kuti ndiwe ndani, ndipo ine ndiyenera kuwayankha. Dzina limenelo silinamvekepo m'nyumba muno chifikire ife ku London. Ine pakamwa panga sipangathe kuliyamba. Liyambe ndiwe, ndilimve, kuti mawa ndithe kulinena."

Mtsikanayo anayang'ana Sophie, kenako anayang'ana mayiwo m'maso kwa nthawi yoyamba.

"Ndine Rabecca, mayi," anatero. "Rabecca Chimuka."